Majini, matenda a mitsempha otengera kumtundu, ndi zotupa za mu ubongo: kafukufuku wafika pati?

Nkhani za majini zimabwera ndi mawu akuluakulu. Lero timva kuti asayansi apeza jini loyambitsa matenda ena a ubongo. Mawa timva kuti pali mankhwala a jakisoni mmodzi omwe mtengo wake ndi madola oposa 2 miliyoni. Mkuja timva kuti dokotala sangatchulenso dzina la chotupa cha mu ubongo asanayeze DNA yake. Munthu amene ali ndi wodwala m'banja amatsala ndi mafunso awiri, ndipo nkhanizo kawirikawiri siziwayankha. Kodi ana anga adzadwalanso? Nanga kudziwa jinilo kumuthandiza chiyani wodwala amene ali gone lero?

Zinthu ziwiri ndi zimene zimasokoneza anthu ambiri. Choyamba, matenda angathe kuchokera m'majini koma osakhala otengera kwa makolo. Chachiwiri, kupeza jini loyambitsa matenda n'kosiyana kwambiri ndi kupeza mankhwala ake. Pa matenda ena mtunda wa pakati pa ziwirizi unatenga zaka 21, pa ena papita zaka zoposa 30 ndipo ulendo udakalipo.

Jini n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani mitsempha imavutika kwambiri?

Pakatikati pa pafupifupi selo lililonse la thupi pali DNA, ulusi wautali wa malangizo olembedwa ndi timankhwala tinayi timene asayansi amatiimira ndi zilembo A, C, G ndi T. Zilembozi zilipo pafupifupi 6 biliyoni, ndipo zinapindidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu. Timitoloti tili tiwiritiwiri: 23 tinachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Jini ndi kachigawo ka ulusiwo kamene kamauza selo mmene lipangire puloteni inayake. Majini otere alipo pafupifupi 20,000, ndipo popeza makromozomu ali awiriawiri, pafupifupi jini lililonse munthu amakhala nalo kawiri.

Malamulo a katengedwe ka chibadwa anawalemba Gregor Mendel mu 1866 atafufuza mbewu m'dimba la nyumba ya ansembe ku Brno, iye asakudziwa n'komwe za DNA. Maonekedwe a DNA anawafotokoza James Watson ndi Francis Crick mu 1953, podalira zithunzi ndi miyeso ya Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins. Ntchito yowerenga zilembo zonse za munthu inayamba mu 1990 n'kulengezedwa kuti yatha mu 2003, ngakhale mipata yotsala inatsekedwa mu 2022.

Mitsempha ili ndi vuto lakelake. Maselo a khungu kapena a magazi akawonongeka, thupi limapanga ena. Maselo ambiri a mitsempha a mu ubongo, omwe alipo pafupifupi 86 biliyoni, munthu amakhala nawo omwewo kuyambira ukhanda mpaka ukalamba. Ena ndi aatali modabwitsa: selo limodzi loyendetsa chala cha kuphazi limayambira m'munsi mwa msana n'kutalika pafupifupi mita yathunthu. Puloteni yolakwika pang'ono, yomwe selo la khungu silingaimve n'komwe, imaunjikana m'selo lotere kwa zaka makumi angapo mpaka kulipha. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene matenda ena obadwa nawo amadikira munthu afike zaka 40 asanaonekere.

Tsopano kusiyana kofunika kuja. Kusintha kwa zilembo kukakhala m'dzira la mayi kapena mu umuna wa bambo, mwana amabadwa nako m'maselo ake onse ndipo angathe kupatsira ana ake. Koma kusintha kwina kumachitika munthu atabadwa kale, m'selo limodzi lokha, pamene selolo likukopera DNA yake pogawikana. Kusintha kotereku kumathera mwa munthuyo. Sikufika kwa ana. Zotupa zambiri za mu ubongo zili m'gulu lachiwirili.

Mmene matenda amayendera m'banja

Pali matenda amene jini limodzi lolakwika, kaya la mayi kaya la bambo, limakwanira kuti munthu adwale. Mwana aliyense wa kholo lotero ali ndi mwayi umodzi pa iwiri wotengera. Pali ena amene amafuna kuti onse awiri akhale olakwika. Apa makolo onse amakhala athanzi, aliyense atanyamula jini limodzi lolakwika osadziwa, ndipo pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti mwana adwale. Gulu lachitatu ndi la majini a pa kromozomu X, amene amagwira kwambiri anyamata chifukwa iwo ali ndi X mmodzi yekha. Chitsanzo ndi matenda ofooketsa minofu a Duchenne, omwe jini lake linapezeka mu 1986.

Mawu oti "pa mimba iliyonse" ndi ofunika kuwamvetsa bwino. Banja likakhala ndi mwana mmodzi wodwala, sizitanthauza kuti atatu otsatira adzakhala bwino. Mimba iliyonse imayamba kuwerengera payokha. Ndipo pali ana ambiri amene amabadwa ndi kusintha kwatsopano kumene makolo onse alibe. Ndikutsindika izi chifukwa m'mabanja ambiri padziko lapansi matenda otere akaonekera, chala chimaloza mbali imodzi, kawirikawiri ya mayi. Pa matenda ofuna majini awiri, mbali zonse zinaperekapo. Pa kusintha kwatsopano, palibe mbali imene inali nako. Ndipo pa onsewa palibe munthu amene anasankha zilembo zimene anabadwa nazo.

Huntington: jini linapezeka, mankhwala akusakidwabe

Mu 1872 dokotala wa ku America wazaka 22, George Huntington, anafotokoza matenda amene bambo ake ndi agogo ake, omwenso anali madokotala, anawaona m'mabanja omwewo ku Long Island kwa mibadwo ingapo. Munthu amakula bwinobwino, amakwatira, amabereka. Kenako, kawirikawiri pakati pa zaka 30 ndi 50, manja ndi nkhope zimayamba kugwedezeka zokha, khalidwe limasintha, kuganiza kumavuta, kulankhula ndi kumeza kumalephereka. Ambiri amamwalira patatha zaka 15 mpaka 20 chiyambire zizindikiro.

Kufufuza jini lake kunasintha sayansi yonse ya majini. Nancy Wexler, amene mayi ake anamwalira ndi matendawa, anatsogolera gulu lomwe linkapita chaka ndi chaka kumidzi ya asodzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Maracaibo ku Venezuela, kumene matendawa ndi ofala kuposa kwina kulikonse. Analemba mndandanda wa chibale cha anthu oposa 18,000 ndi kutenga magazi a anthu masauzande. Mu 1983, James Gusella wa ku Boston, pogwiritsa ntchito magaziwo, anasonyeza kuti jinilo lili pa kromozomu nambala 4. Anangodziwa dera lake, jini lenilenilo ayi. Panapita zaka zina 10 kuti lipezeke, mu 1993.

Chimene anapeza n'chachilendo. M'jinili muli zilembo zitatu, CAG, zobwerezedwa motsatizana. Aliyense ali nazo. Zikabwerezedwa ka 26 kapena kucheperapo, palibe vuto. Pakati pa 27 ndi 35 munthuyo sadwala, koma chiwerengerocho chingakule popita kwa mwana. Pakati pa 36 ndi 39 ena amadwala, ena ayi. Kuyambira 40 kupita m'tsogolo, munthu akakhala ndi moyo wautali adzadwala ndithu. Chiwerengero chikamakula, matenda amayamba msanga, ndipo chimakonda kukula kwambiri chikadzera mwa bambo. N'chifukwa chake mwana angathe kudwala ali wamng'ono kuposa mmene kholo lake linadwalira.

Kafukufuku wa zaka zaposachedwa waonjezerapo mfundo ina. Chiwerengerocho sichikhala chimodzimodzi moyo wonse. M'maselo ena a mu ubongo chimakulirakulirabe munthu akamakula, mpaka kufika mazana, ndipo majini okonza DNA ikawonongeka ndi amene amachititsa kuti kukulako kufulumire kapena kuchedwe. Izi zikufotokozako chifukwa chimene anthu awiri obadwa ndi chiwerengero chofanana amayambira kudwala pa zaka zosiyana, ndipo zapatsa asayansi malo atsopano olozapo mankhwala.

Koma mpaka pano palibe mankhwala ovomerezeka oimitsa matendawa. Omwe alipo amangochepetsa kugwedezeka ndi kuvutika maganizo. Mu 2021 kampani ya Roche inasiya kupereka mankhwala a tominersen pa kafukufuku wake wamkulu ataona kuti sakuthandiza odwala monga ankayembekezera. Mu Seputembala 2025 kampani ya uniQure inalengeza kuti mankhwala ake a AMT-130, olowetsedwa mu ubongo pa opaleshoni ya maola ambiri, anachedwetsa matendawa ndi 75 pa 100 alionse patatha zaka zitatu. Nkhaniyi inasangalatsa mabanja ambiri, ndipo m'pomveka. Komabe chiwerengerocho chinachokera pa odwala 12 okha, oyerekezeredwa ndi zolembedwa za odwala ena osati ndi gulu loyezedwa nawo limodzi. Ena mwa akatswiri akuti uwu ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse umene unapezekapo, ena akuti anthuwo ndi ochepa kwambiri kuti titsimikize. Onsewa ali ndi mfundo.

SMA: pamene ulendo unafika

Matenda a SMA (spinal muscular atrophy) amapha maselo a mumsana amene amalamula minofu kuti igwire ntchito. Mtundu wake woopsa umaonekera mwana asanakwane miyezi 6. Khandalo limakhala lolobodoka, silidzutsa mutu, limavutika kuyamwa, ndipo popuma mimba ndi imene imakwera pamene chifuwa chikulowa m'kati. Maso ake amakhala owala ndi atcheru, chifukwa nzeru sizikhudzidwa. Popanda chithandizo, ambiri amamwalira kapena kudalira makina opumira asanakwane zaka ziwiri. Matendawa amagwira pafupifupi mwana mmodzi pa 10,000 alionse, ndipo ndi a gulu lofuna majini awiri olakwika.

Jini lake, SMN1, linapezeka mu 1995 ndi gulu la Judith Melki ku France, pa kromozomu nambala 5. Pafupi nalo pali jini lina lofanana nalo kwambiri, SMN2, lomwe chifukwa cha kusiyana kwa chilembo chimodzi limapanga puloteni yathunthu yochepa chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Apa m'pamene panali khomo. Adrian Krainer ndi Frank Bennett anapanga kachidutswa kakang'ono kofanana ndi DNA kamene kamakakamiza selo kuwerenga SMN2 mokwanira. Mankhwalawa, nusinersen, anavomerezedwa ku America mu 2016, ndipo amabayidwa m'madzi a mumsana miyezi inayi iliyonse. Mu 2019 kunabwera Zolgensma, amene amagwiritsa ntchito kachilombo kosayambitsa matenda kunyamula jini labwino n'kulilowetsa m'maselo. Amaperekedwa kamodzi kokha, ndipo mtengo wake polowa pamsika unali madola 2.125 miliyoni. Mu 2020 kunabwera risdiplam, wakumwa.

Phunziro lalikulu la SMA ndi nthawi. Selo la mtsempha likafa silibwereranso. Ana amene anapatsidwa mankhwala zizindikiro zisanayambe, ambiri akukhala pansi okha ndi kuyenda. Amene anapatsidwa mochedwa amapindula, koma pang'ono. N'chifukwa chake mayiko angapo tsopano amayeza mwana aliyense wobadwa kumene, potenga kadontho ka magazi kuchidendene.

Matenda ena ali pakati pa nkhani ziwirizi. Charcot-Marie-Tooth, ofooketsa mapazi ndi manja mwa munthu mmodzi pa 2,500 alionse, chifukwa chake chofala chinadziwika mu 1991 ndi 1992, kuti ndi jini la PMP22 lopezeka katatu m'malo mwa kawiri, koma mankhwala ochiza palibe. Pa ALS, matenda opha maselo olamula minofu mwa anthu akuluakulu, pafupifupi wodwala mmodzi pa 10 alionse ndi amene amakhala kuti anatengera, ndipo mankhwala a tofersen a 2023 ndi a kagulu kochepa komwe vuto lawo lili m'jini la SOD1, lomwe linapezeka zaka 30 m'mbuyo mwake.

Zotupa zoyenda m'banja: mabuleki awiri

Kuti timvetse zotupa zotengera, tiyenera kuyambira m'diso. Mu 1971 Alfred Knudson anaunika zolembedwa za ana 48 odwala retinoblastoma, khansa ya kansalu ka kumbuyo kwa diso, komwe ndi mbali ya ubongo pa kapangidwe kake. Anaona kuti ana ena amadwala ali aang'ono kwambiri, kawirikawiri maso onse awiri, pamene ena amadwala mochedwerapo, diso limodzi. Powerengera masamu okha, ananena kuti khansayi imafuna zolakwika ziwiri.

Taganizirani njinga, yomwe ili ndi buleki yakutsogolo ndi yakumbuyo. Majini ena ntchito yawo ndi kuletsa selo kugawikana mosalekeza, ndipo selo lililonse lili nawo awiri. Imodzi ikaduka, njinga imaimabe. Ngozi imabwera zikaduka zonse. Mwa munthu wobadwa ndi majini onse abwino, pamafunika tsoka lachilendo kuti onse awiri awonongeke m'selo limodzi lomwelo. Koma mwana wotengera amayamba moyo buleki imodzi ili yoduka kale m'maselo ake onse, ndipo pa maselo mamiliyoni n'kosavuta kuti penapake yachiwiri idukenso. Motero chimene amatengera si chotupacho ayi, koma chiopsezo chachikulu chokhala nacho. Jini limene Knudson analosera, RB1, linapezeka mu 1986.

Matenda ofala kwambiri a mtundu umenewu pa mitsempha ndi neurofibromatosis 1, kapena NF1, amene Friedrich von Recklinghausen anawafotokoza mu 1882. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 3,000 alionse, m'mitundu yonse ya anthu, ndipo theka la odwala ndi oyamba m'banja mwawo. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala mawanga osatupa, oderapo kuposa khungu lozungulira. Anthu ambiri ali ndi banga limodzi kapena awiri ndipo si vuto. Madokotala amatchera khutu akafika 6 kapena kuposa, makamaka ngati palinso timadontho m'khwapa. Pa unyamata timatuluka tizotupa tofewa pakhungu, tomera pa timitsempha. Izi si khansa ndipo sizipatsirana, ngakhale anthu ozunguliridwa nazo thupi lonse amasalidwa koopsa m'malo ambiri. Palinso zotupa zazikulu zoyanga m'mitsempha ya m'kati, zovuta kuchotsa pa opaleshoni. Pa odwala 100 alionse, pafupifupi 8 mpaka 13 chotupa china chimadzasanduka khansa pa moyo wawo, ndipo ana ena amakhala ndi chotupa pa mtsempha wa diso kapena amavutika kuphunzira.

Jini la NF1, pa kromozomu nambala 17, linapezeka mu 1990 ndi magulu a Francis Collins ndi Ray White. Puloteni yake imazimitsa chizindikiro chotchedwa RAS chimene chimauza selo kuti ligawikane. Zitadziwika izi, asayansi anafunafuna mankhwala otseka njirayo chakutsogolo kwake. Mu 2020, patatha zaka 30, selumetinib anavomerezedwa kwa ana a zotupa zosachotseka. Pa kafukufuku wa ana 50, pafupifupi awiri mwa atatu alionse chotupa chinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 5 kapena kuposa. Sichitha, ndipo mankhwalawo ali ndi zovuta zake pakhungu ndi m'mimba. Koma kwa mwana amene chotupa chikumutsamwitsa pakhosi kapena kumusowetsa tulo ndi ululu, kuchepako n'kwakukulu.

Dzina lofanana lisakusokonezeni: NF2 ndi matenda ena, a jini lina pa kromozomu nambala 22, lopezeka mu 1993. Amabweretsa zotupa pa mitsempha ya kumva ya mbali zonse ziwiri, ndipo munthu amayamba kugontha ali wachinyamata. Pofuna kuthetsa chisokonezocho, akatswiri anasintha dzina lake mu 2022. Palinso tuberous sclerosis, yomwe imabweretsa khunyu ndi zotupa mu ubongo, ndipo imathandizidwa ndi everolimus, mankhwala ochokera ku mtundu wa mankhwala amene anapezeka m'tizilombo ta m'dothi la pachilumba cha Rapa Nui. Ndipo pali von Hippel-Lindau, yobweretsa zotupa mu ubongo, m'maso ndi mu impso, yomwe kufufuza jini lake kunathandiza kuulula mmene maselo amadziwira kuti mpweya wa okosijeni wachepa. Ntchito imeneyo inapatsa William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza mphoto ya Nobel mu 2019, ndipo mankhwala a belzutifan anatsatira mu 2021.

Zotupa zosatengera, koma za m'majini

Matenda onse a m'gawo lapitalo akaphatikizidwa, amafotokoza gawo laling'ono chabe la zotupa za mu ubongo, pafupifupi 5 pa 100 zilizonse. Zotsalazo zimayamba ndi kusintha kochitika m'selo limodzi munthu ali moyo kale. Dokotala akanena kuti chotupa chili ndi jini losintha, nthawi zambiri akunena za DNA ya chotupacho, osati ya magazi a wodwalayo, ndipo ana ake sakukhudzidwa.

Kwa zaka pafupifupi 100, zotupa za mu ubongo ankazipatsa mayina poona maonekedwe a maselo pa makina okulitsa zinthu. Vuto linali lakuti odwala awiri a chotupa chooneka chimodzimodzi, wina ankamwalira chaka chisanathe, wina n'kukhala zaka 10. Mu 2008 gulu la ku yunivesite ya Johns Hopkins, powerenga majini a zotupa za glioblastoma, khansa yoopsa kwambiri ya mu ubongo, linapeza kusintha m'jini la IDH1 mwa odwala ena, makamaka achinyamata, amene ankakhalanso ndi moyo nthawi yotalikirapo. Zinadzadziwika kuti awa ndi matenda osiyana ovala nkhope imodzi. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linayamba kugwiritsa ntchito majini potchula mayina a zotupazi, ndipo mu 2021 linapitirira: mwa munthu wamkulu, chotupa chokhala ndi IDH yosintha sichitchedwanso glioblastoma. Chotupa cha oligodendroglioma nacho chimatsimikizika pokhapokha chikakhala ndi IDH yosintha komanso chitataya zidutswa za makromozomu nambala 1 ndi 19.

Kusintha dzina kumasintha chithandizo. Medulloblastoma, khansa ya kumbuyo kwa ubongo mwa ana, inagawidwa m'magulu anayi akuluakulu. Ana a gulu lotchedwa WNT oposa 90 pa 100 alionse amachira, ndipo madokotala akufufuza ngati angawachepetsere cheza chowotchera khansa, chomwe chimawononga nzeru za mwana amene akukula. Mu 2018 akatswiri a ku Heidelberg ku Germany anasonyeza njira yozindikirira chotupa poona tizizindikiro tomatirira pa DNA, ndipo pa odwala pafupifupi 12 pa 100 alionse njirayi inasintha dzina limene linaperekedwa poyamba. Mu 2024 vorasidenib, wotseka IDH yosintha, anavomerezedwa. Pa kafukufuku wake, chotupa chinkatenga miyezi pafupifupi 28 chisanayambenso kukula, poyerekeza ndi miyezi 11 kwa osalandira.

Pa glioblastoma yeniyeni zinthu sizinasunthe kwambiri, ndipo si bwino kubisa. Kafukufuku wa 2005 wotsogoleredwa ndi Roger Stupp anasonyeza kuti kuonjezera temozolomide pa cheza kumafikitsa moyo wa wodwala wapakatikati pa miyezi 14.6 kuchoka pa 12.1. Chithandizo chimenecho ndicho maziko mpaka lero. Chotupa chimodzi chimakhala ndi magulu a maselo a majini osiyanasiyana, mankhwala akapha gulu lina lina limatsala, ndiponso ubongo uli ndi mpanda wake m'mitsempha ya magazi umene umakaniza mankhwala ambiri kulowa.

Kuyezetsa: yankho silikhala "inde" kapena "ayi" nthawi zonse

Zotsatira za kuyeza majini zimatuluka mitundu itatu. Angapeze kusintha kodziwika kuti kumayambitsa matenda. Angapeze kuti palibe, zomwe sizitanthauza kuti matendawo si otengera, popeza mwina jini lake silinadziwikebe. Kapena angapeze kusintha kumene palibe akudziwa tanthauzo lake. Lachitatuli ndi limene limazunguza mitu, chifukwa munthu aliyense wathanzi amasiyana ndi mnzake pa zilembo mamiliyoni angapo, ndipo zambiri mwa izo zilibe vuto.

Kuti adziwe ngati kusintha kwina n'koopsa, akatswiri amayang'ana ngati kumapezeka mwa anthu ambiri athanzi. Apa m'pamene pali mpata waukulu. Anthu ambiri amene majini awo anafufuzidwa ndi ochokera ku makolo a ku Europe, pamene anthu a mu Africa ndi amene ali ndi kusiyanasiyana kwa majini kochuluka kuposa ena onse. Kafukufuku wa bungwe la H3Africa wofalitsidwa mu 2020, pa anthu 426 okha a mitundu 50, anapeza kusintha koposa 3 miliyoni kumene sikunalembedwepo. Zotsatira zake n'zakuti wodwala wa makolo a mu Africa amalandira yankho losadziwika tanthauzo kawirikawiri kuposa mnzake wa ku Europe.

Si nkhani ya chilungamo chokha, ndi ya kulondola kwa sayansi yomwe. Mu 2001 kunapezeka matenda ofanana kwambiri ndi Huntington, otchedwa HDL2, oyambitsidwa ndi jini lina pa kromozomu nambala 16, ndipo pafupifupi odwala onse odziwika ali ndi makolo a mu Africa. Woyeza jini la Huntington lokha angauze banja lotero kuti palibe vuto. Mu 2023 kafukufuku wokhudza odwala ambiri a ku Nigeria anapeza kusintha m'jini la GBA1 kokweza chiopsezo cha matenda a Parkinson, kumene kafukufuku wa ku Europe sakanakuona.

Mafunso amene adakali poyera

Funso loyamba ndi la kudziwa kapena kusadziwa. Kuyambira 1993, mwana wamkulu wa wodwala Huntington angathe kuyezetsa n'kudziwa tsogolo lake zaka zambiri zizindikiro zisanayambe. M'mayiko ambiri, osakwana mmodzi pa asanu alionse ndi amene amasankha kutero. Ena amati kudziwa kumawathandiza kukonza za banja ndi ntchito. Ena amati sangasenze katundu amene palibe womutula. Malangizo a akatswiri amati ana osakwana zaka 18 asayezedwe matenda oyamba munthu atakula omwe alibe chithandizo, kuti adzasankhe okha. Koma mankhwala ogwira bwino akaperekedwa msanga akadzapezeka, monga zinachitikira pa SMA, malangizowo adzafunika kuwaunikanso, ndipo palibe mgwirizano wa pamene mzere uyenera kudutsa.

Lachiwiri ndi la mwini wake wa yankho. Zotsatira za munthu mmodzi zimaulula za abale ake. Mdzukulu akapezeka ndi jini limene agogo ake anali nalo, ndiye kuti kholo la pakatipo lili nalonso, ngakhale silinafune kudziwa. Kodi dokotala asunge chinsinsi cha wodwala, kapena achenjeze mlongo wake amene ali pa chiopsezo? Nanga makampani a inshulansi ndi olemba ntchito? Lamulo la ku America la 2008 limaletsa kusala munthu chifukwa cha majini pa ntchito ndi pa inshulansi ya chipatala, koma silikhudza inshulansi ya moyo, ndipo mayiko ambiri alibe lamulo lililonse.

Lachitatu ndi la ndalama. Makampani amati mitengo yokwera imabweza zimene anawononga pofufuza mankhwala a odwala ochepa, ndiponso kuti jakisoni mmodzi angachepe mtengo poyerekeza ndi chisamaliro cha moyo wonse. Otsutsa amati kafukufuku woyambirira ambiri analipiridwa ndi misonkho ndi zopereka za mabanja a odwala, ndipo mankhwala amene ana ambiri padziko sangawapeze sanathetse matendawo. Funso lomweli likukhudza mayina atsopano a zotupa: ngati dzina lolondola likudalira kuyeza DNA, chipatala chopanda makinawo chitchule bwanji chotupa cha wodwala wake? Likukhudzanso anthu opereka magazi pa kafukufuku, monga mabanja a ku Maracaibo, ambiri mwa iwo akukhalabe mu umphawi ndi matenda omwewo: kodi sayansi ili nawo ngongole yanji?

Pomaliza pali zimene ma labotale sanayankhe. Ana olandira jini latsopano akhala akutsatiridwa kwa zaka pafupifupi 10 zokha, ndipo sizikudziwika ngati mphamvu yake idzakhalapo moyo wonse. Njira ya CRISPR yodula ndi kukonza DNA, yomwe Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaifotokoza mu 2012, inavomerezedwa kale mu 2023 pa matenda a magazi a sickle cell, koma kumeneko maselo amatulutsidwa m'thupi, kukonzedwa, n'kubwezeredwa. Maselo a ubongo sangatulutsidwe, choncho chida chokonzeracho chiyenera kufika kwa iwo ali m'malo mwawo, osadula pena pomwe sipanafunike. Ndipo pa NF1, abale awiri a kusintha kumodzimodzi, wina amangokhala ndi mawanga pamene wina amakhala ndi zotupa zambirimbiri. Chimene chimawasiyanitsa sichinadziwike mokwanira, moti dokotala amene waona mawanga 6 pa khanda sangathe kuuza makolo kuti mwanayo adzakhala mbali iti.